Desmond Clark: Katswiri Amene Anafukula Phanga la Chencherere

M'chaka cha 1972, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati m'chigawo cha Tete, kutsidya kwa malire, chakumpoto kwa tawuni ya Dedza, kunali gulu la anthu amene ankakumba pansi pa thanthwe lalikulu lotchedwa Mwana wa Chencherere. Ankapala dothi pang'onopang'ono, kulisefa, n'kumatola timiyala tosongoka, timafupa ta nyama, mapale a mbiya ndi makala. Mtsogoleri wawo anali Pulofesa John Desmond Clark a ku University of California ku Berkeley, m'dziko la America, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 56 ndipo anali atatha kale zaka zoposa 30 akufukula zinthu zakale mu Africa.

Phangali lili m'dziko la Malawi, koma kwa munthu wa ku Ulongwe nkhani yake ndi ya pakhomo. Ukadutsa chipata cha Calómuè wafika kale ku Dedza, ndipo mapiri a Chongoni ndi a Angónia ali pa chitunda chimodzi. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula pakati pa Achewa ndi Angoni a mabanja amodzi. Anthu amene ankagona m'phanga la Chencherere zaka zikwi zapitazo sankadziwa za mzere umenewu, choncho zimene a Clark anapeza kumeneko zikunenanso za anthu amene anayenda m'mapiri a kuno.

A Clark anabadwira mu mzinda wa London pa 10 Epulo 1916, ndipo anakulira kumudzi, m'mapiri a Chiltern ku Buckinghamshire. Anaphunzira pa sukulu ya Monkton Combe, kenako mu 1934 analowa Christ's College ku yunivesite ya Cambridge. Anayamba ndi maphunziro a mbiri yakale, pambuyo pake n'kusinthira ku maphunziro ofukula zinthu zakale pansi pa Miles Burkitt ndi Grahame Clark. Uyu Grahame sanali m'bale wawo, anangofanana dzina. Ntchito ya manja anaiphunzira pa Maiden Castle, linga lakale la ku England, kumene Mortimer Wheeler ankaphunzitsa achinyamata kuti dothi limawerengedwa ngati buku: chimene chili pansi n'chakale kuposa chimene chili pamwamba, ndipo wokumba mosasamala amang'amba masamba amene sadzalembedwanso. Anamaliza digiri yawo mu 1937.

Masiku amenewo, wophunzira wa ku Ulaya wofuna kutchuka pa ntchito yofukula ankayang'ana ku mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean. Heinrich Schliemann anali atafukula mzinda wa Troy m'zaka za m'ma 1870, Arthur Evans anayamba kufukula Knossos pa chilumba cha Crete mu 1900, ndipo Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun ku Egypt mu 1922. Ndalama ndi mipando ya upulofesa zinali kumeneko. Vuto linali lakuti chidwi chimenechi chinalimbikitsa maganizo akuti chilichonse chaluso chopezeka kum'mwera kwa Sahara chinabwera ndi alendo ochokera ku Mediterranean.

Chigwa cha Zambezi chinalowetsedwa m'nkhambakamwa imeneyi kalekale. Wansembe wachipwitikizi João dos Santos, amene anakhalapo ku Sena ndi ku Tete, analemba m'buku lake la Ethiopia Oriental mu 1609 kuti phiri la Fura, m'dziko la Mwenemutapa, mwina ndiye Ofiri kumene Mfumu Solomo inkatenga golide. Mu 1871 Carl Mauch ataona mabwinja a Great Zimbabwe anawagwirizanitsa ndi mfumukazi ya ku Seba. Theodore Bent, amene poyamba ankafufuza pa zilumba za Greece, anakumba pamalowa mu 1891 n'kunena kuti omanga ake anali Afoinike kapena Aluya. Mu 1899 Carl Peters wa ku Germany anakwera Zambezi akufunafuna Ofiri yemweyo. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, onse awiri ophunzira ntchito ku Egypt, anasonyeza ndi umboni wa m'nthaka kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi anthu a mu Africa momwemuno. Komabe maganizo akalewo anali ngati nsangwi, ukazula pano zaphuka apo. Mu 1955 Henri Breuil, wansembe wa ku France amene anali mkulu wa akatswiri a zojambula za m'mapanga, anatulutsa buku lonena kuti chithunzi china cha pa phiri la Brandberg ku Namibia chinali cha mzimayi wa mtundu wa ku Mediterranean.

A Clark sanapite ku Greece kapena ku Egypt. Ntchito imene anaipeza inali ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anafika ku Livingstone kumayambiriro kwa 1938 kudzayang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Rhodes-Livingstone, komanso kukhala mlembi wa bungwe lofufuza la Rhodes-Livingstone Institute. Chaka chomwecho anakwatira Betty Baume, mnzawo wa ku Cambridge. Mayi Clark ndiwo ankajambula zithunzi za zida zamiyala za m'mabuku a amuna awo, kuyendetsa misasa ya kutchire, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiwo anasamala nyumba yosungiramo zinthu ija. Dzina lawo silitchulidwa mokwanira poyerekeza ndi ntchito imene anagwira.

Mu 1939 a Clark anakumba m'mapanga a Mumbwa. Kenako nkhondo inawatengera ku Ethiopia, Madagascar ndi Somaliland, poyamba ali m'gulu lonyamula ndi kusamalira ovulala. Kulikonse kumene asilikali aima, iwo maso anali pansi, kutola miyala yosemedwa ndi kulemba malo ake. Zimene anatola zinabala buku la The Prehistoric Cultures of the Horn of Africa la mu 1954. Atabwerera ku Livingstone anathandiza kukhazikitsa bungwe loteteza malo akale mu 1948, anaona nyumba yatsopano yosungiramo zinthu ikutsegulidwa mu 1951, ndipo mu 1955 anakonza msonkhano wachitatu wa akatswiri a mbiri yakale ya Africa yonse mu mzinda womwewo. Ku Nyasaland anayamba kufikako mu 1950, pamene iwo ndi W. H. J. Rangeley anafukula mafupa a anthu awiri akale m'phanga la pa phiri la Hora ku Mzimba.

Malo amene anamanga dzina lawo ndi mathithi a Kalambo, kufupi ndi Mbala, pa malire a Zambia ndi Tanzania, pamene mtsinje umagwa mamita oposa 200 usanakathire m'nyanja ya Tanganyika. Mu 1953 a Clark anaona zida zamiyala zikutuluka m'gombe la mtsinje kumtunda kwa mathithiwo. Anabwererako kukakumba mu 1956, 1959, 1963 ndi 1966. Pamalopo panali mndandanda wa miyalo ya dothi yosanjikizana, kuyambira nthawi ya nkhwangwa zamiyala zogwira m'manja, zimene akatswiri amazitcha Acheulean potengera dzina la Saint-Acheul ku France, mpaka nthawi ya alimi osula chitsulo. Chodabwitsa kwambiri chinali mitengo. Mtengo umawola msanga m'dziko lotentha, koma ku Kalambo dothi la pansi linakhala lonyowa nthawi zonse, mpweya osalowa, ndipo munasungika zipika, ndodo zosongoledwa, zipatso ndi mitengo yopserera.

Njira imene anagwiritsa ntchito ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndi imene anabwera nayo ku Dedza. M'malo mokumba dzenje lakuya n'kusankha zida zokongola zokha, iwo ankavundukula malo aakulu mopingasa, kusiya chinthu chilichonse pamene chagona, kuchijambula pa mapu, kenako n'kuchichotsa. Ankafuna kuona bwalo lonse monga analisiyira eni ake: pamene ankasemera miyala, pamene ankasendera nyama, pamene panali moto. Ankaitananso akatswiri a miyala, a zomera ndi a mafupa kuti aliyense awerenge mbali yake. Zaka za makala ndi mafupa ankazipeza ndi njira ya carbon-14, imene Willard Libby anaitulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Njirayi imayeza mmene mtundu wina wa kaboni watsikira m'chinthu chimene chinafa, ndipo imalekezera pa zaka pafupifupi 50,000. Mitengo ya pansi penipeni ku Kalambo inaposa malire amenewa, motero a Clark anamwalira zaka zake zenizeni zisanadziwike. Mu 2023 gulu lotsogoleredwa ndi Larry Barham wa ku yunivesite ya Liverpool linalengeza kuti zipika ziwiri zolumikizidwa mwadala, zimene linapeza pamalo omwewo mu 2019, zili ndi zaka zosachepera 476,000. Palibe chomangidwa ndi mitengo chakale kuposa chimenechi chimene chikudziwika pa dziko lonse.

Mu 1961 a Clark anasiya ntchito ya ku Livingstone n'kukakhala pulofesa ku Berkeley. Ali kumeneko ndi pamene anakakumba kufupi ndi nyanja ya Mediterranean, ndipo ulendo wake unali wosiyana ndi wa a Bent. Mu 1964 ndi 1965 anakumba pa Latamne, m'chigwa cha mtsinje wa Orontes ku Syria, kumpoto kwa mzinda wa Hama. Anapitako ngati katswiri wa za Africa, atanyamula njira ya ku Kalambo, ndipo anavundukula malo okhala anthu akale okhala ndi nkhwangwa zamiyala za mtundu womwewo wa Acheulean. Zida za mtundu umenewu zakale kwambiri zimapezeka kum'mawa kwa Africa, kumene zili ndi zaka zoposa 1.7 miliyoni. Pa nkhani ya chiyambi cha munthu ndi luso lake loyamba, Africa ndiye anapatsa ndipo Mediterranean analandira. A Clark sanali wokonda mikangano ya pagulu. Mfundo imeneyi anaimanga ndi mapu, miyeso ndi mabuku, monga Atlas of African Prehistory la mu 1967 ndi The Prehistory of Africa la mu 1970.

Ku Malawi anabwereranso mu 1965 ndi 1966, ku Karonga, pamodzi ndi katswiri wa miyala C. Vance Haynes. Pa mudzi wa Mwanganda anapeza mafupa a njovu imodzi ali pamodzi ndi zida zamiyala, ndipo mu 1970 analemba kuti awa anali malo amene anthu akale anasendera njovuyo. Kwa zaka zambiri Mwanganda ankaphunzitsidwa m'mayunivesite ngati chitsanzo. Ofufuza ena atakumbanso pamalopo, analemba mu 2014 kuti madzi ndi kusuntha kwa dothi mwina ndi zimene zinasonkhanitsa mafupa ndi zidazo. Apa a Clark anafulumira kumanga mfundo. Chowayamikira n'chakuti analemba zonse mwatsatanetsatane, moti obwera pambuyo anatha kuwatsutsa pogwiritsa ntchito mapu awo omwe.

Ku Chencherere funso linali lina, lapafupi ndi moyo wa anthu a kuno. Akuluakulu a Chichewa akhala akusimba za Akafula kapena Abatwa, anthu aafupi msinkhu amene makolo anawapeza m'dziko muno, alenje okhala m'mapanga, amene nthano zina zimawatcha Amwandionerapati. Kodi nthano zimenezi zili ndi mutu? A Clark anasankha phanga lokhala ndi zojambula pakhoma lake kuti aone ngati dothi la pansi linganene za anthu amene ankakhalamo. Zotsatira zake anazilemba mu 1973 m'magazini ya Society of Malawi Journal.

M'miyalo ya pansi munali tizida ting'onoting'ono ta mwala woyera, tina tosaposa chikhadabo, timene ankatiika pa mivi ndi pa mipini, pamodzi ndi mafupa a nyama zakutchire. M'miyalo ya pamwamba munayamba kupezeka mapale a mbiya za alimi, koma tizida tamiyala tija sitinathe. Alimi odziwa kuumba mbiya ndi kusula chitsulo anafika m'dera la kum'mwera kwa nyanja ya Malawi zaka pafupifupi 1,700 zapitazo, ndipo umboni wa ku Chencherere unasonyeza kuti alenje sanazimirire pomwepo. Anakhala moyandikana ndi alimiwo kwa zaka mazana ambiri, akusaka m'mapiri, zinthu za m'midzi zikuwafikanso m'phanga. Diana Crader, amene anasanthula mafupa a nyama a m'phangamo, anatulutsa buku lake mu 1984 ndi mutu wonena zomwezo, Hunters in Iron Age Malawi. Nthano za agogo zinali ndi maziko.

Khoma la phanga likunena nkhani yofanana. Zojambula zofiira, za mizere, zozungulira ndi timadontho, ndi zakale ndipo akatswiri amati ndi za Abatwa. Pamwamba pake pali zoyera, zopakidwa ndi chala, zooneka ngati chikopa cha nyama choyanikidwa. Kafukufuku wa pambuyo pake, wa Matthew Schoffeleers ndi N. E. Lindgren mu 1978, kenako wa Benjamin Smith ndi Leslie Zubieta, anagwirizanitsa zoyerazi ndi miyambo ya Achewa: zina ndi chinamwali cha atsikana, zina za m'mapanga ena ndi zilombo za Nyau monga kasiyamaliro. Mapanga omwewa ndi amene Achewa ankabisalamo pa nthawi ya nkhondo za Angoni a Maseko, amene anakhazikika pa phiri la Domwe kuno ku Angónia cha m'ma 1870. Mu 2006 bungwe la UNESCO linaika dera la Chongoni, lokhala ndi malo 127 a zojambula, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Pali chinthu chimodzi chimene a Clark sakanatha kuchidziwa. Mu 2017 gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Pontus Skoglund ndi David Reich linayeza DNA ya mafupa a anthu akale a ku Hora, Fingira ndi Chencherere. A ku Chencherere anapezeka kuti anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Magazi awo anali pachibale ndi a Asan a kum'mwera kwa Africa komanso alenje a kum'mawa, koma mwa anthu a ku Malawi a lero amene anayezedwa, chibale chimenechi sichinaoneke. Nkhaniyi ndi yolemera. Anthu amene anakhala m'mapiri awa kwa zaka zikwi anatha osasiya mbumba yodziwika, ndipo chimene chatsala ndi utoto wofiira wa pathanthwe, timiyala ta m'dothi ndi dzina lawo m'nthano. Munthu akalemba dzina lake ndi khala pa zojambulazo, kusonkha moto m'phanga kapena kukumba pansi pake pofuna chuma, amafafaniza umboni wokhawo wa mtundu wonse wa anthu.

Mbali ya Tete nayo ili ndi dzina m'mabuku a ntchitoyi. Mu 1907 Carl Wiese wa ku Germany anakumba m'phanga la Chifumbazi, kumpoto kwa chigawo chino kufupi ndi malire a Zambia, ndipo m'zaka za m'ma 1930 Santos Júnior wa ku yunivesite ya Porto anafikako n'kulemba za zojambula zake. Pambuyo pake David Phillipson anatenga dzina la phangali n'kutcha chikhalidwe chonse cha alimi oyamba osula chitsulo a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kuti Chifumbaze. Wophunzira wa ku Cambridge kapena ku Cape Town amaloweza dzina limeneli, pamene ambiri a ku Tete sanalimvepo. Kafukufuku wa mbali ino anatsalira chifukwa cha nkhondo ziwiri: yomenyera ufulu, imene inakula m'chigawo cha Tete kuyambira 1968, ndi yapachiweniweni imene inatha mu 1992, pamene anthu ambiri a ku Angónia anali atathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Poweruza moyo wa a Clark, sipafunika kubisa kuti anali wantchito wa boma la atsamunda kwa zaka zoposa 20, m'nyumba yotchedwa dzina la Cecil Rhodes, ndiponso kuti amuna a m'midzi amene ankagwira fosholo ndi sefa m'misasa ya nthawi imeneyo kawirikawiri sankalembedwa mayina pa zikuto za mabuku. Koma atafika ku Berkeley anachita chimene anzawo ambiri sanachite: anaitana ophunzira a mu Africa kuti adzatenge madigiri apamwamba n'kubwerera kwawo kukatsogolera ntchito. Gadi Mgomezulu wa ku Malawi anamaliza digiri ya udokotala mu 1978 ndi kafukufuku wa chiyambi cha ulimi m'dera la Linthipe ndi Chongoni. Yusuf Juwayeyi anamaliza mu 1981, ndipo pambuyo pake anafukula Mankhamba, likulu la Kalonga wa Amaravi kufupi ndi Mtakataka, kumene anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ndi mapale a mbale za ku China. Onse awiri anatsogolerapo nthambi ya boma la Malawi yoona za zinthu zakale. Berhane Asfaw wa ku Ethiopia nayenso anadzera ku Berkeley komweko.

Ukalamba sunawakhazike pansi. Anakumba ku Adrar Bous m'chipululu cha Niger mu 1970, m'chigwa cha mtsinje wa Son ku India kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, komanso ku Nihewan m'dziko la China atapuma kale ntchito ya uphunzitsi mu 1986. Kuyambira 1981 iwo ndi Tim White anatsogolera kafukufuku wa ku Middle Awash ku Ethiopia, amene anatulukira mafupa a Ardipithecus ramidus a zaka 4.4 miliyoni. Buku loyamba la Kalambo linatuluka mu 1969, lachiwiri mu 1974, ndipo lachitatu analimaliza maso atayamba kuchita khungu, n'kutuluka mu 2001, patatha zaka 48 chionereni miyala ija m'gombe la mtsinje.

A Clark anamwalira ndi chibayo ku Oakland, California, pa 14 Febuluwale 2002, ali ndi zaka 85, atangobwera kumene kuchokera ku England. Mayi Clark anawatsatira patangopita miyezi iwiri. Anasiya ana awiri. Mu 2003 magazini ya Nature inasindikiza lipoti la zigaza za ku Herto ku Ethiopia, za anthu a mtundu wa lero a zaka pafupifupi 160,000 zapitazo, ndipo pa nkhani yofotokoza zida zamiyala ndi zaka za malowo, dzina loyamba pa olemba linali la J. Desmond Clark.